Mutu Waching'alang'ala ndi Mankhwala a ku China: Singano, Zitsamba Kapena Kusisita?

Mbiri yakale ya ku China imasimba za Cao Cao, mkulu wankhondo amene anamwalira m'chaka cha 220, kuti ankavutika ndi mutu umene unkabwera nthawi ndi nthawi, ndipo ukamugwira ankachita chizungulire, maganizo n'kubalalika. Sing'anga wotchuka wa nthawi imeneyo, Hua Tuo, ankati akamubaya kasingano ululu unkaleka pomwepo, koma pakapita masiku mutuwo unkayambiranso. Sing'angayo atapita kwawo n'kumazengereza kubwerera, ponamizira kuti mkazi wake akudwala, Cao Cao anamumangitsa n'kumuphetsa, ndipo olemba mbiri sanaiwale kunena kuti mutu wa mkuluyo unapitirira kuwawa. Papita zaka zoposa 1,800, komabe nkhaniyi ili ndi mfundo imene aliyense wofuna kuyesa mankhwala a ku China ayenera kuyamba waimvetsa, yakuti singano ikhoza kupepuza mutu koma siizula matendawo. Ngakhale kuchipatala chamakono kulibe mankhwala othetseratu mutu waching'alang'ala. Choncho njira iliyonse tiyenera kuiyeza poona masiku odwala amene imachotsa pa mwezi, kenako n'kuona ngati masikuwo akugwirizana ndi ndalama komanso chiopsezo chimene njirayo imabwera nacho.

Mitu yowawa si yofanana. Waching'alang'ala kawirikawiri umagwira mbali imodzi, umagunda motsatira mtima, umabwera ndi nseru kapena kusanza, ndipo wodwala safuna kuwala kapena phokoso. Amatseka chitseko ndi makatani, n'kumanga kansalu m'mutu, ndipo amatha kukhala choncho kwa maola 4 mpaka 72. Ena ululu usanayambe amaona timizere tothwanima kapena malo akuda m'maso. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse padziko lapansi ali ndi vutoli, ndipo amayi amachuluka pafupifupi katatu kuposa abambo. Mtundu wina, umene ndi wofala kwambiri, ndi wa mutu wongolemera mbali zonse ngati munthu wasenza mtolo wa nkhuni tsiku lonse. Uwu subweretsa kusanza, ndipo mwini wake amatha kugwira ntchito ukumuwawa. Kafukufuku wambiri wokhudza njira za ku China anachitika pa mitundu iwiri imeneyi.

Pali mitu ina imene siyenera kufika n'komwe kwa wobaya masingano kapena wogulitsa zitsamba. Kwathu kuno mutu wobwera ndi kutentha thupi umafunika kuyezetsa malungo tsiku lomwelo, ndipo ukaphatikizana ndi kuuma khosi, kusokonezeka kapena kukomoka, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amene kwa munthu yemwe ali ndi kachilombo ka HIV amatha kuyamba pang'onopang'ono ngati mutu wamba wosamva mankhwala kwa masabata angapo. N'chimodzimodzi mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mphezi, mutu wotsagana ndi kufooka kwa mbali imodzi ya thupi kapena kulephera kulankhula, mutu wa munthu amene wamenyetsa mutu pangozi, ndi mutu wa mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja ndipo sakuona bwino. Zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala.

Mmene sing'anga wa ku China amaonera mutu

Ku China mankhwala achikhalidwe amaphunzitsidwa m'mayunivesite a ku Beijing, Shanghai, Nanjing, Chengdu ndi mizinda ina, ndipo ali ndi zipatala zawozawo. Maziko ake ali m'mabuku akale monga Huangdi Neijing, limene linasonkhanitsidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Chiphunzitso chake n'chakuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi pamodzi ndi magazi, ndipo pamene kuyendako kwatsekeka ndi pamene pamawawa.

Mukalowa m'chipinda chake, sing'angayo sathamangira kukupatsani mankhwala. Amakuuzani kuti mutulutse lilime, n'kuona ngati ndi lofiira, lotuwa kapena lokutidwa ndi zoyera. Kenako amaika zala zitatu pamtsempha wa padzanja lililonse, n'kukhala chete kwa kanthawi akumvetsera kagundidwe kake. Amafunsitsa malo enieni powawa, chifukwa kwa iye mutu wa kunkhongo, wa pamphumi, wa m'mbali ndi wa paliwombo ndi wa njira zinayi zosiyana, zotchedwa Taiyang, Yangming, Shaoyang ndi Jueyin. Amafunsanso za tulo, za kupsa mtima, za chakudya ndi za msambo. Zotsatira zake n'zakuti anthu awiri amene dokotala angawauze onse kuti ali ndi mutu waching'alang'ala amatha kutuluka ndi mankhwala osiyana, wina atauzidwa kuti mphepo yozizira yamulowa, wina kuti mphamvu yotentha ya chiwindi yakwera kumutu, winanso kuti magazi aima malo amodzi. Apa pamafunika kumva bwino. Akatchula chiwindi sakunena kuti chiwindi chanu chawonongeka monga angapezere a kulabotale. Ndi mawu a chiphunzitso chawo, ndipo asayansi sanapeze qi kapena njira zimenezi m'thupi la munthu. Zimenezo pazokha sizitanthauza kuti chithandizocho sichigwira ntchito, koma zimatikakamiza kuchiweruza ndi zotsatira zake, osati ndi kukoma kwa mafotokozedwe.

Singano

Njira yobaya timasingano, yodziwika ndi dzina lakuti acupuncture, ndi imene yafufuzidwa kwambiri mwa zonse. Ena akamva za iyo amaganiza za mphini zimene asing'anga akwathu amatema m'mbali mwa mutu, koma n'zosiyana, popeza apa sacheka khungu, sapakamo mankhwala, ndipo magazi satuluka kupatula kadontho mwa apo ndi apo. Timasinganoto ndi tachitsulo, topanda bowo mkati, topyapyala kwambiri kuposa singano ya jakisoni. Pa mutu amakonda kubaya malo otchedwa Fengchi, m'timaenje tiwiri ta kunkhongo pamene chigaza chimakumana ndi khosi, komanso Taiyang m'mbali mwa mutu kuseri kwa maso ndi Baihui paliwombo. Chimene chimadabwitsa wobwera koyamba n'chakuti amabayanso kutali ndi mutu: pa Hegu, pamnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndi pa Taichong, pamwamba pa phazi pakati pa chala chachikulu ndi chotsatira. Wobayayo amapotokola kasinganoko pang'ono mpaka wodwala amve kulemera kapena dzanzi pamalopo, chimene amachitcha deqi, kenako amatisiya kwa mphindi 20 kapena 30 munthuyo ali chigonere.

M'chaka cha 2016 bungwe la Cochrane, limene limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaphatikiza zotsatira za kafukufuku 22 wa anthu 4,985 odwala mutu waching'alang'ala. Mwa anthu 100 alionse amene anabayidwa timasingano, 41 masiku awo odwala anatsika ndi theka, pamene mwa amene ankangomwa mankhwala a ululu mutu ukayamba anali 17 okha. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Koma atayerekeza kubaya kwenikweni ndi kubaya kongoyerekezera, kumene timasingano amatiika dala pamalo olakwika kapena sitilowa kwenikweni m'khungu, ziwerengero zinali 50 pa 100 kwa obayidwa kwenikweni ndi 41 kwa obayidwa mongoyerekezera. Pa mutu wongolemera uja, kafukufuku 12 wa anthu 2,349 anaonetsa zofananako, 52 ndi 43.

Ziwerengero zomalizazi ndi zimene zimayambitsa mkangano. Ku Germany, kafukufuku wa anthu 302 amene anatuluka mu 2005 sanapeze kusiyana kulikonse pakati pa kubaya kwenikweni ndi kongoyerekezera, ngakhale kuti magulu onse awiri anapeza bwino kuposa amene sanalandire chilichonse. Ku China, kafukufuku wa anthu 150 m'zipatala 7, amene anatuluka mu 2020, anapeza kuti kubaya kwenikweni maulendo 20 pa masabata 8 kunaposa kongoyerekezera. Kuona kwanga n'kwakuti mbali zonse ziwiri zimakokomeza. Amene amati malo obaya ndiwo chinsinsi chonse sangafotokoze chifukwa chimene malo olakwika amathandiziranso anthu ambiri chotero, ndipo amene amati zonse n'zam'maganizo chabe amanyalanyaza kusiyana kochepa kumene kumaonekerabe kafukufuku akaphatikizidwa. Zikuoneka kuti gawo lalikulu la phindu limachokera ku chiyembekezo cha wodwala, ku kugona phee kwa theka la ola kawiri pa sabata ndiponso ku kusamalidwa ndi munthu amene akumvetsera, pamene gawo locheperapo ndi la singano yeniyeniyo. Kwa mayi amene amataya masiku 8 pa mwezi ali m'chipinda chamdima, kubwezeredwa masiku 4 ndi phindu lenileni, kaya lachokera mbali iti.

Poyerekeza ndi mapiritsi opewera mutu, singano sinagonje. M'kusanthula kwa Cochrane kuja, patatha miyezi itatu anthu 57 pa 100 obayidwa anali atapeza bwino ndi theka poyerekeza ndi 46 akumwa mapiritsi, ndipo pa miyezi 6 ziwerengero zinayandikana, 59 ndi 54. Amene anasiyira panjira chifukwa cha zovuta zobwera ndi chithandizo anali ochepa kumbali ya singano. Ku England, bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a chithandizo cha zaumoyo, m'malangizo ake a 2012, linavomereza kuti wodwala ayesedwe maulendo osaposa 10 pa masabata 5 mpaka 8 ngati mapiritsi opewera mutu a topiramate ndi propranolol alephera kapena sakumuyenera. Onani kuti anaika singano pambuyo pa mapiritsi, ndiponso anaika malire a maulendo.

Umboni wonsewu ndi wa kupewa, kutanthauza kuti munthu amapita kukabayidwa ngakhale pa masiku amene ali bwino. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la njirayi, chifukwa maulendo 10 kapena 20 amafuna ndalama yolipira, ndalama yoyendera ndi nthawi yochoka pantchito. Chiopsezo chake n'chochepa m'manja mwa katswiri. Pa odwala 229,230 amene anawatsatira ku Germany, pafupifupi 9 pa 100 alionse anadandaula kanthu kena, makamaka kutuluka magazi pang'ono kapena kudetsa khungu, ndipo awiri okha ndi amene singano inawaboola phapo. Chofunika kuchionetsetsa n'chakuti timasingano tikhale tatsopano, totsegulidwa m'pepala lake inu mukuona, chifukwa singano yogwiritsidwa kale ntchito ikhoza kufalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi HIV. Mayi woyembekezera anene msanga, popeza chiphunzitso cha ku China chomwecho chimaletsa kubaya pa Hegu pa nthawi imeneyo.

Zitsamba

Ku China kwenikweniko zitsamba ndizo zimatenga malo aakulu, ndipo sapereka mtengo umodzi pawokha koma msakanizo wokhala ndi dzina ndi mbiri yake. Muzu wotchedwa chuanxiong ndi umene supezeka ukusowa pa nkhani ya mutu. Ndiwo mtsogoleri wa Chuanxiong Chatiao San, ufa wa zitsamba 8 umene unalembedwa m'buku la mankhwala la boma mu ufumu wa Song, ndipo amaumwa ndi tiyi pa mutu umene amati wabwera ndi mphepo. Wu Zhu Yu Tang ndi wakale kuposa pamenepo, wochokera kwa sing'anga Zhang Zhongjing cha m'chaka cha 200, ndipo uli ndi zinthu zinayi zokha, kuphatikizapo ginseng ndi jinja. Amaupereka pa mutu wa paliwombo wobwera ndi nseru kwa munthu wozizira manja ndi mapazi. Tianma Gouteng Yin ndi wa m'zaka za m'ma 1950, wa anthu omva chizungulire, osagona bwino ndi osachedwa kupsa mtima. Kuphika kwake kumafuna chidwi: chigoba cha nkhono ya m'nyanja chimayamba kuwira chokha mumphika wadothi, mizu n'kubwera pambuyo, ndipo timitengo ta gouteng, tokhala ndi minga yokhota ngati mbedza, timaponyedwamo kumapeto kuti tisapse kwambiri. Madzi ake amatuluka akuda ndi owawa, ndipo fungo lake limadzaza nyumba yonse, n'chifukwa chake ambiri masiku ano amasankha ufa wosungunula m'madzi otentha kapena timibulu ta m'botolo.

Umboni wa zitsambazi ndi wofooka kusiyana ndi wa singano. Kafukufuku wochitikira ku China ndi wambiri ndipo kawirikawiri amaonetsa phindu, koma osanthula amadandaula mobwerezabwereza kuti wambiri ndi wa anthu ochepa, wa nthawi yaifupi, ndiponso odwala ndi madokotala ankadziwa amene akulandira mankhwala enieni. Pamene umboni uli wochepa chonchi, chiopsezo ndiye n'chachikulu, chifukwa singano amaizula ikatha ntchito koma chimene mwameza chimadutsa m'chiwindi ndi mu impso.

Chitsanzo chimene madokotala saiwala ndi cha ku Brussels m'dziko la Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kumene amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi. Muzu wina unalowa m'malo mwa unzake chifukwa mayina awo m'Chitchaina ndi ofanana, onse ali ndi mawu akuti fangji, ndipo wolakwikawo unali ndi poizoni wotchedwa aristolochic acid, amene amapha impso ndi kuyambitsa khansa ya njira ya mkodzo. Nkhaniyi ikukhudza mutu chifukwa xixin, chimodzi mwa zitsamba 8 za Chuanxiong Chatiao San, ndi wa banja lomwelo, ndipo masamba ake amakhala ndi poizoniyu. N'chifukwa chake malamulo a ku China amalola mizu yokha, pa mlingo wosapitirira magalamu atatu. Kwathu kuno, kumene makina osefa magazi ndi owerengeka, impso si chinthu choseweretsa. Palinso gancao, muzu wotsekemera umene umapezeka m'misakanizo yambiri, umene ukamwedwa nthawi yaitali umakweza BP, pamene chuanxiong ndi zitsamba zina zimene amati zimayendetsa magazi siziyenera kwa mayi woyembekezera kapena munthu wakumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a khunyu ayambe wafunsa kuchipatala kumene amalandirira.

Choipa china chimabisala m'mabotolo okongola a pamsika, ndipo apa mwambi wa chikomekome cha nkhuyu ukugwira ntchito. Ku Taiwan, atayeza mankhwala achikhalidwe 2,609 pa kafukufuku amene anatuluka mu 1997, anapeza kuti pafupifupi limodzi mwa magawo anayi munali mankhwala a kuchipatala osalembedwa pa chikuto, monga caffeine, paracetamol, indomethacin ndi prednisolone. Kwa wodwala mutu zimenezi n'zoopsa mwapadera, chifukwa amaganiza kuti wasiya mapiritsi pamene akuwamwabe tsiku lililonse osadziwa.

Manja, makapu ndi mafuta opaka

Kusisita kwa ku China, kotchedwa tuina, ndi kudina malo omwe aja ndi chala m'malo mwa singano, zilibe umboni wamphamvu, koma sizilira ndalama ndipo n'zovuta kuti zivulaze munthu. Mungathe kugwira pa Hegu ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja linalo, n'kudina mozungulira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka pamveke kuwawa kosabaya, kapena kuika zala zazikulu zonse ziwiri m'timaenje ta kunkhongo mutu mutaweramitsa pang'ono. Zimathandiza kwambiri mutu wobwera ndi kuuma kwa minofu ya khosi ndi mapewa kusiyana ndi waching'alang'ala umene wafika kale posanza. Kukoka khungu ndi makapu, kofanana ndi kulumika ndi nyanga kumene agogo athu ankakudziwa, ndiponso gua sha, kupala khungu ndi chida chosalala mpaka lifiire, zimasiya zipsera zooneka kwa masiku angapo, ndipo ine sindikuona chifukwa chokwanira cholipirira zimenezi pa nkhani ya mutu. Mafuta onunkhira okhala ndi menthol opaka m'mbali mwa mutu amaziziritsa ndi kupepuza kwa kanthawi. Asafike m'maso, ndipo si a makanda.

Kuziika pambali pa mapiritsi

Mutu waching'alang'ala ukangoyamba, palibe njira ya ku China imene yaonetsa kuti imaposa asipirini, ibuprofen, panado kapena sumatriptan (piritsi lapadera la mutu waching'alang'ala) womwedwa msanga. Koma mapiritsi omwewa ali ndi msampha wake. Munthu akamamwa mankhwala wamba a ululu masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kapena masiku 10 ngati ndi osakaniza ndi caffeine kapena codeine ndiponso a gulu la sumatriptan, kwa miyezi yoposa itatu, mankhwalawo amasanduka gwero la mutu wa tsiku ndi tsiku. Ndinaonapo m'bale wanga wina akugula mapiritsi awiriawiri pagolosale m'mawa uliwonse popita kuntchito, akudabwa kuti mutu sukutha, mpaka dokotala atamuwerengera masiku n'kumuuza kuti asiye. Munthu wotere singano kapena zitsamba sizingamuthandize mokwanira asanatuluke mumsamphawu.

Pa kupewa, propranolol ndi amitriptyline ndi otsika mtengo ndipo amapezeka m'zipatala ndi m'mafamase ambiri, koma woyambayo sayenera munthu wa mphumu, wachiwiriyo amabweretsa tulo ndi kuumitsa m'kamwa, pamene topiramate akhoza kuvulaza mwana wosabadwa. Apa ndi pamene singano imapeza malo ake enieni: kwa munthu amene mapiritsi amulephera, amene thupi lake silikuwalola, kapena amene akufuna kutenga pakati ndipo dokotala wamulangiza kupewa mankhwala ena. Amene amadwala kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi iwiri safunikira chithandizo chopewera cha mtundu uliwonse; kugona ndi kudya pa nthawi yake, kumwa madzi okwanira ndi piritsi lomwedwa msanga zimamukwanira. Zitsamba ndimaziika pomaliza, ndipo n'zoyenera pokhapokha ngati woperekayo anaphunzira ntchitoyi, akulemba dzina la chitsamba chilichonse ndi mlingo wake papepala loti mukaonetse dokotala, ndiponso sakukuuzani kuti musiye mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV.

Malamulo oyang'anira ntchitoyi amasiyana malinga ndi dziko. Ku South Africa wobaya masingano ndi wopereka mankhwala a ku China amayenera kulembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa nambala yake. Ku Britain kulembetsa ku British Acupuncture Council n'kongodzipereka, choncho kufufuza kumatsalira wodwala. Ku Malawi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi limene limayang'anira mankhwala ogulitsidwa, monga momwe ZAMRA imachitira ku Zambia, ndipo botolo lolembedwa Chitchaina chokhachokha, lopanda dzina la wopanga kapena tsiku lothera mphamvu, ndi losiya pashelefu pomwepo.

Njira iliyonse imene mwasankha, yambani mwatenga kalendala mwezi umodzi musanayambe, n'kumachonga tsiku lililonse limene mutu wawawa ndi tsiku lililonse limene mwamwa piritsi, ndipo amayi achongenso masiku a msambo. Musayambe singano, zitsamba ndi mapiritsi atsopano nthawi imodzi, chifukwa mukapeza bwino kapena mukadwalika simudzadziwa chimene chachititsa. Maulendo 10 akatha, werengani. Ofufuza aja amati chithandizo chagwira ntchito masiku odwala akatsika ndi theka, ndipo muyezo womwewo ungakuthandizeni pokambirana ndi wokubayaniyo: ngati masiku achoka pa 8 kufika pa 4, pali chifukwa chopitirizira mwa apo ndi apo, koma ngati achoka pa 8 kufika pa 7, bwererani kwa dokotala ndi kalendala yanuyo m'manja musanalipire ulendo wa 11.